Zipangizo zimene ndinaika pa famu ku Mchinji zinkalankhula m'njira ya mafoni

Ntchito yanga ndi yamagetsi. Ndimaika masola, mapampu a madzi ndi zina zotero m'mafamu, m'masukulu ndi m'malo ogona alendo, makamaka m'chigawo chapakati. Nkhani iyi ndailemba chifukwa anzanga ambiri a ntchito ngati yangayi ayamba kuitanitsa okha katundu pa intaneti, ndipo mafunso amene amandifunsa ndi a mtengo ndi masiku amene katunduyo atenge kuti afike. Funso limene linandiluzitsa ine ndalama ndi tulo sindinamvepo wina akulifunsa.

Kunali ku famu ina ku Mchinji, ya amayi ena achikulire amene nthawi zambiri amakhala ku Lilongwe. Famuyo ili ndi matanki 6 a madzi omwazikana, lakutali kwambiri lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3 kuchokera panyumba. Vuto lawo linali lodziwika kwa aliyense amene anasungapo ziweto kapena kulima mbewu zothirira: thanki lina limasefukira madzi n'kumangotayika tsiku lonse, pamene lina laphwa ndipo ng'ombe zikulira. Mnyamata ankazungulira pa njinga m'mawa ndi madzulo kukasuzumira, koma tsiku limene wadwala kapena njinga yaphulika, palibe ankadziwa chilichonse. Amayiwo anandifunsa kuti, "Mwanangu, palibe njira yoti ndizingoona pa foni kuti madzi ali pati?" Ndinawayankha kuti njira ilipo, ndipo sindinaname.

Pali tizipangizo timene timaikidwa pa chivundikiro cha thanki, timayeza pamene madzi afika n'kutumiza uthenga waufupi pa mafunde a wailesi. Luso lake amalitcha LoRa. Silifuna SIM khadi pa thanki lililonse, batire lake limakhalitsa, ndipo uthenga umatha kuyenda makilomita angapo pamalo oyera. Mauthenga onse amafikira pa kabokosi kamodzi kotchedwa gateway, kamene kamakhala panyumba, ndipo ndi kokhako kamene kamalumikizidwa ku intaneti. Nditapeza wogulitsa, panali malo osankha: 433, 868 kapena 915. Manambalawa ndinawaona ngati mmene munthu amaonera mtundu wa penti. Za 915 ndi zimene zinalipo zokwanira nthawi imeneyo, komanso wogulitsayo anandilembera kuti ndi zamphamvu, zimafika patali. Pa chithunzi cha bokosi panali zilembo za CE, FCC ndi RoHS zitandandalikidwa bwinobwino. Mtima unakhala pansi, ndinalipira.

Sabata yoyamba zonse zinkaoneka ngati zayenda. Amayiwo anaimba foni akuseka, ati aona thanki la kukhola likudzadza iwo ali ku Area 47. Kenako mauthenga anayamba kudumphadumpha. Thanki lina limakhala chete maola 5, kenako n'kutulukira. Usiku kwambiri ndi mbandakucha zinkayenda bwino, koma madzulo antchito akaweruka n'kusonkhana pa khonde la nyumba ya kapitawo, pamene ankachajira mafoni, mauthenga ambiri ankasowa. Tsiku la malipiro ndiye kunkakhala zii. Ine sindinalumikize zinthu ziwirizi. Ndinakweza antena pa paipi yayitali, ndinasintha chingwe, ndinasintha mabatire amene analibe vuto. Ndipo chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti ndinalowa m'makonzedwe a tizipangizoto n'kukweza mphamvu yotumizira mpaka pamapeto, n'kuchititsanso kuti tizitumiza pafupipafupi, poganiza kuti mwa mauthenga ambiriwo ena azidutsa.

Panalinso dandaulo lina limene ndinalinyalanyaza. Mlonda wa pafamupo, bambo wamkulu ndithu, anandiimitsa tsiku lina nati, "Amisiri, chiikireni kabokosi kanu kaja wailesi yanga ikungolira ngati njuchi. Mpira sindikuumvanso." Ndinawauza kuti mwina mabatire awo atha. Iwo anangoti, "Ayi, mabatire ndi atsopano," n'kubwerera pa mpando wawo.

Amene anandithandiza ndi madala ena a kutchalitchi kwathu, amene anagwira ntchito ya zamatelefoni zaka zambiri asanapume. Nditawafotokozera pambuyo pa mapemphero, sanafunse za antena kapena batire. Anangofunsa kuti, "Zikulankhula pa frequency yanji?" Frequency ndi malo a pa mafunde pamene chipangizo chimalankhulira, amayezedwa mu MHz, ndipo ndi zimene manambala aja ankatanthauza. Nditati 915, anandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Achimwene, Loweruka tipitire limodzi. Koma lero lomwe imbani foni, wina akazizimitse."

Loweruka anabwera ndi laputopu ndi kachipangizo kakang'ono kolowetsa pa USB, kokhala ndi antena yakeyake, kamene kamaonetsa pa sikirini mafunde amene ali mumlengalenga. Tinakhala pa khonde lomwe lija. Anandiuza kuti ndiyatse kachipangizo kamodzi ka pa thanki, ndipo pa sikirini panatuluka kamzere kopendekera pakati pa 902 ndi 915. Kenako anaitana mnyamata wina amene anali ndi foni ya mabatani, anamupempha kuti aimbire aliyense. Foni itangoyamba kuitana, pafupi ndi pomwe panali kamzere kanga panatuluka chimzere chonenepa, chowala kwambiri. "Mwaona?" anatero. "Inu ndi foni iyi muli m'munda umodzi. Koma mundawu mwini wake analipira, ali ndi chiphaso. Inu mwangolowamo ndi khasu."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ndipo ndiyesa kubwereza monga ndinamvera ndi monga ndinadzawerengera pambuyo pake. Bungwe la ITU, limene limagwirizanitsa maiko pa nkhani za mafunde a wailesi, linagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu. Africa ndi Ulaya zili mu Region 1, America yense ali mu Region 2, ndipo mbali yaikulu ya Asia ndi Australia ili mu Region 3. Ku United States, mpata wa 902 mpaka 928 MHz ndi wotsegukira tizipangizo ta anthu wamba, ndipo amalola mphamvu yofika 1 W. Kwathu kuno mbali yaikulu ya mpata womwewo ndi ya mafoni. Pa netiweki ya GSM 900, foni imalankhula kupita ku nsanja pa 880 mpaka 915 MHz, ndipo nsanja imayankha pa 925 mpaka 960 MHz. Tizipangizo ta LoRa topangidwira ku America timatumiza pa matchanelo oyambira 902.3 mpaka 914.9 MHz, ndiye kuti ndendende pamene nsanja ya mafoni yatchera khutu.

Apa ndi pamene ndinamvetsa za madzulo aja. Foni ya GSM ikakhala kutali ndi nsanja imakuwa ndi mphamvu yofika 2 W. Mafoni angapo akamaimba pa khonde, mamita ochepa kuchokera pa gateway yanga, gatewayo inkagontha, osamvanso kamawu kochokera ku thanki la makilomita 3. Limenelo linali vuto langa ndipo ndinkaliona. Koma madala aja anandikumbutsa za mbali inayo imene sindinkaiona. Nsanja imamvetsera mafoni ofooka a anthu a m'midzi yakutali, munthu ataima pachulu kuti netiweki igwire, mwina akuitana galimoto yonyamula wodwala, mwina akudikira uthenga wa ndalama. Tizipangizo tanga 6, nditatikweza mphamvu, tinkaponya phokoso m'khutu lomwelo. Uthenga wake ndi waufupi, zoona, ndipo sindinganene kuti foni ya munthu wakutiwakuti inaduka chifukwa cha ine. Koma sindinali ndi ufulu wokhala pamenepo ngakhale kwa sekondi imodzi, ndipo nditaganiza za anthu ena onse amene akuitanitsa zinthu zomwezi osadziwa, thupi linazizira.

Za 868 zija ndi zimene zimapangidwira chigawo chathu. Ku Ulaya malamulo ake ndi othina: pa matchanelo wamba a 868.1, 868.3 ndi 868.5 MHz mphamvu siipitirira 25 mW (1 W ndi 1,000 mW), ndipo kachipangizo kamaloledwa kulankhula gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a nthawi, ndiye kuti masekondi 36 pa ola. Wogulitsa uja ponena kuti za 915 ndi zamphamvu sananame kwenikweni. Anangosiya kunena kuti mphamvuyo ndi yololedwa kuti.

Ndinafunsa ngati sindingangosintha pulogalamu ya mkati kuti zitsikire pa 868. Madalawo anatsegula kachipangizo kamodzi n'kuwerenga nambala ya chip. Inali SX1276 ya kampani ya Semtech, imene payokha imatha kugwira kuyambira 137 mpaka 1020 MHz. Anati pa tizipangizo ta pa thanki mwina zingatheke, ngakhale antena yake inadulidwira 915. Koma gateway ili ndi zosefera mafunde zomatiridwa pa bolodi, zimene zimangodutsitsa mpata umodzi, moti ngakhale mutaiuza chiyani singamve bwino pa 868. Ndipo anawonjeza mfundo imene inanditengera nthawi kuti ndiilandire: mayeso a ku labotale amachitidwa pa chipangizo monga chilili, ndi antena yake, pulogalamu yake ndi mphamvu yake. Mukasintha chimodzi mwa zimenezi, pepala lija silikunenanso za chinthu chimene chili m'manja mwanu. Chimene mwapanga ndi chipangizo chatsopano chimene palibe anachiyezapo.

Madzulo a tsiku limenelo tinakhala pansi ndi mapepala. Ndinali nditalembera wogulitsa kumupempha umboni wa zilembo zija, ndipo anali atanditumizira pepala limodzi lokongola, la mphete zagolide m'mbali, lolembedwa kuti satifiketi ya CE. Ine ndikanalilandira ndi manja awiri. Madala anavala magalasi n'kuyamba kuloza ndi cholembera. Nambala ya modelo pa pepalalo inali yosiyana ndi ya pa bokosi. Malamulo amene anatchulidwa anali a zoipitsa chilengedwe ndi a phokoso la magetsi basi, lamulo la zipangizo za wailesi panalibe. Ku European Union chipangizo chilichonse chotumiza kapena kulandira mafunde chimayendera lamulo lotchedwa Radio Equipment Directive, nambala yake 2014/53/EU, limene limafuna zinthu zitatu zikuluzikulu: chisavulaze munthu, chisasokoneze kapena kusokonezedwa ndi zipangizo zina, ndipo chigwiritse ntchito mafunde moyenera. Kachipangizo ka pa 868 kamayezedwa motsata muyezo wa EN 300 220 wa ETSI, bungwe la miyezo la ku Ulaya, ka Wi-Fi ya 2.4 GHz motsata EN 300 328, ndipo za phokoso la magetsi zimayendera EN 301 489. Pa pepala langa panalibe ngakhale nambala imodzi mwa izi.

Chinanso chimene sindinkadziwa n'chakuti chilembo cha CE sichiperekedwa ndi boma lililonse. Nthawi zambiri wopanga katundu amachiika yekha, ndipo chimene chimamumanga ndi chikalata chotchedwa Declaration of Conformity, chimene amasaina ndi dzina lake ndi adiresi yake, kulonjeza kuti modelo yakutiyakuti yakwaniritsa miyezo yakutiyakuti. Kumbuyo kwa chikalatacho kuyenera kukhala malipoti a mayeso. Kampani yoona imakupatsani zonsezi mosavuta, zina zimakhala pa webusaiti yawo. Koma inki ndi yotchipa, aliyense atha kusindikiza zilembo ziwirizo pa bokosi.

Chilembo cha FCC ndiye chinali choona, ndipo ichi ndi chimene chinandiphunzitsa kwambiri. Pa kabolodi ka wailesi mkatimo panali nambala yolembedwa FCC ID. Nambala imeneyi aliyense atha kuifufuza pa webusaiti ya FCC, bungwe loyang'anira za mauthenga ku United States, ndipo mumapezako dzina la kampani, zithunzi za mkati mwa chipangizo, ndi lipoti lonse la mayeso. Tinaifufuza pa foni pomwepo n'kuipeza. Kabolodiko kanayezedwa ndithu, kanakhoza, pa 902 mpaka 928 MHz. Sikanali kachinyengo. Kanali koyenera ku Texas kapena ku Ohio, osati ku Mchinji. Ine ndinkaganiza kuti chilembo chimanena kuti katundu ndi wabwino. Chimene chimanena n'chakuti anayezedwa motsata malamulo a dziko lakutilakuti, basi.

Usiku umenewo ndinawerenga lipoti lija mpaka kumapeto, masamba ambirimbiri, ndipo ndikulangiza mmisiri aliyense kuti awerengeko limodzi pa moyo wake. Muli zithunzi za chipinda chimene makoma ake anakutidwa ndi zinthu zosongoka zomeza mafunde, kuti asabwerere ngati mawu a m'phanga. Chipangizo amachiika pa tebulo lozungulira, antena yoyezera imaima pa mtunda wa mamita 3 kapena 10, imakwera ndi kutsika, tebulo likuzungulira, mpaka apeze mbali imene chikutulutsa phokoso lalikulu. Sayeza pa frequency yake yokha. Amayang'ananso pamwamba ndi pansi, chifukwa chotumizira chosapangidwa bwino chimatayira mphamvu pa kawiri kapena katatu ka frequency yake, n'kukasokoneza anthu amene sali n'komwe pafupi nacho. Pa miyezo ya ku Ulaya amachiyesanso kupirira: amachithethetsa ndi magetsi a thupi ofika 4 kV pochikhudza ndi 8 kV kudzera mumpweya, amachimenyanso ndi magetsi obwera mwadzidzidzi pa chingwe. Kwa ife amene timadziwa ziphaliwali za Disembala ndi Januwale, ndi mmene magetsi amabwerera akakhala atazima, mayeso amenewa si a pa pepala chabe.

Tisanachoke pafamupo madala aja anafunsa za wailesi ya mlonda, poti ndinali nditaitchula m'galimoto. Anapita okha kukawapeza abambo aja, anawapatsa moni mwaulemu, n'kuwapempha kuti ayatse wailesiyo. Inkalira ngati njuchi ndithu. Anandiuza kuti ndizule adaputala ya gateway pakhoma. Phokoso linatha nthawi yomweyo, mawu a muulutsi anamveka bwinobwino. Mlondayo sananene kanthu, anangondiyang'ana, ndipo ine ndinawapepesa pomwepo chifukwa anandiuza zoona kalekale ine osamva. Adaputalayo titaiswa tinapeza kuti pa bolodi panali malo ojambulidwa a tizipangizo tosefera phokoso, koma malowo anali opanda kanthu, pena atangodumphitsa ndi kawaya. Mpata wa pakati pa mbali ya 230 V ndi mbali ya magetsi ochepa unalinso wothina moopsa. Pulagi yake inali ya timano tiwiri ta ku America, ine n'kuilowetsa pa soketi kudzera pa kolumikizira kotchipa ka kumsika, kopanda fyuzi. Pulagi yathu ya mano atatu ija ili ndi fyuzi mkati pa chifukwa. Chinthu chimenechi chinakhala choyaka usana ndi usiku m'nyumba ya denga la udzu, momwe mumagona ana a kapitawo. Za mafunde zinandichititsa manyazi, koma izi zinandichititsa mantha.

Kuuza amayi aja kunali kovuta. Ndinapita kunyumba kwawo, sindinafune kunena pa foni. Ndinawauza kuti ndinagula zinthu zosayenera dziko lino, kuti cholakwa ndi changa, ndipo zatsopano ndigula ndi ndalama zanga. Anakhala chete, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye boma likanabwera, likanagwira ndani, iwe kapena ine?" Ndinalibe yankho lowasangalatsa, chifukwa zipangizozo zinali pa malo awo, zikugwira ntchito m'dzina lawo. Mmisiri akamaika chinthu chosavomerezeka amaika pa chiopsezo munthu amene anamukhulupirira. Anandilola kukonza, koma ntchito ya pampu ina imene tinali titakambirana anaipereka kwa wina, ndipo sindingawadandaule.

Ulendo wachiwiri ndinayambira kumene ndinayenera kuyambira poyamba. Kuno ku Malawi amene amayang'anira mafunde ndi zipangizo zolumikizirana ndi MACRA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Communications Act la 1998, ndipo lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2016. Ndi iwo amene amagawa mafunde kwa makampani a mafoni ndi nyumba zoulutsa mawu, ndiponso amene amavomereza mtundu wa chipangizo kuti ungagwiritsidwe ntchito m'dziko muno, zimene zimatchedwa type approval. Ndisanalipire kalikonse ndinalemba pa pepala dzina la kampani yopanga, nambala ya modelo, mpata wa mafunde ndi mphamvu yotumizira, n'kukafunsa ngati chipangizocho chingalowe ndi kugwira ntchito kuno, ndi zimene zikufunika. Ndikulimbikitsa aliyense kuti akafunse yekha m'malo momvera za m'maluwa, pakuti zofunikira ndi ndalama zolipira zimasintha, ndipo yankho la rauta si lofanana ndi la wailesi ya m'manja. Za chitetezo cha machaja, mapulagi ndi mawaya, kuno zili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards.

Kwa wogulitsa watsopano ndinapempha zinthu zitatu ndisanatumize ndalama: Declaration of Conformity yosainidwa, malipoti enieni a mayeso osati tsamba loyamba lokha, ndi chithunzi cha chizindikiro cha kumbuyo kwa chipangizo chenichenicho chimene atumize. Ndinayerekeza nambala ya modelo m'malo onse atatu, chilembo ndi chilembo, chifukwa nthawi zambiri kusiyana kwa mtundu wa ku Ulaya ndi wa ku America kumangokhala pa tilembo tiwiri ta kumapeto. Ndinayang'ananso dzina la labotale. Labotale yodalirika imakhala yovomerezedwa motsata ISO/IEC 17025, ndipo pa lipoti pamakhala chizindikiro ndi nambala ya bungwe limene linaivomereza, zimene mutha kuzitsimikiza pa webusaiti ya bungwelo. Wogulitsa mmodzi nditamupempha zimenezi anangosiya kuyankha. Wachiwiri anatumiza zonse tsiku lomwelo. Katundu wake anali wokwera mtengo, ndipo ndi amene ndinagula.

Poti tizipangizoti timakhala panja, ndinaphunziranso kusakhulupirira mawu oti "sichilowa madzi" popanda nambala. IP67 imatanthauza kuti fumbi sililowa ndipo chinamizidwa m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Mabatire a lithiamu nawo ali ndi mayeso awoawo otchedwa UN 38.3, mitundu 8, monga kutenthetsa ndi kuziziritsa, kugwedeza, kugunditsa ndi kugwiranitsa mawaya, ndipo onyamula katundu pa ndege amafuna umboni wake. Amene alibe pepala limeneli ndi amene amakuuzani kuti alemba pa phukusi kuti ndi zidole.

Anzanga amene mumatenga katundu ku Joni kapena kudutsa pa Mwami kuchokera ku Chipata, dziwani kuti dziko lililonse lili ndi mlonda wake: ICASA ku South Africa, ZICTA ku Zambia, INCM ku Mozambique, POTRAZ ku Zimbabwe. Mabungwewa amakumana mu CRASA kuti agwirizanitse zochita zawo kuno kummwera kwa Africa, koma chilolezo cha dziko lina sichisanduka chokha kukhala cha Malawi. Komabe mukaona kasitika ka ICASA, kokhala ndi nambala yoyamba ndi TA, kumbuyo kwa rauta, mwina mwadziwa kuti ndi mtundu wopangidwira chigawo chathu, ndipo ndi poyambira pabwino kusiyana ndi bokosi longolembedwa FCC.

Chichitikireni zimenezi maso anga amaona zinthu zimene kale ndinkazidutsa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mawailesi a m'manja otchipa amene adzadza m'mashopu, amene alonda, a m'maukwati ndi a m'matchalitchi akugula. Ambiri amatha kutumiza paliponse kuyambira 136 mpaka 174 MHz ndi 400 mpaka 520 MHz, ndi mphamvu yofika 5 W, ndipo amabwera ndi matchanelo amene kufakitale anangoikamo poyesera. Munthu amatsegula bokosi, kuyatsa, n'kuyamba kulankhula, osadziwa kuti tchanelocho ndi cha ndani. M'mipata imeneyo mumakhala anthu amene kulumikizana kwawo kumapulumutsa moyo. Chimodzimodzi tizipangizo tokwezera netiweki timene anthu amakhoma pa denga: kosapangidwa bwino kamakweza phokoso n'kulibwezera ku nsanja, mwini nyumba n'kumasangalala ndi timizere tiwiri pamene oyandikana naye mafoni akuduka. Wina atandipempha kuti ndimuikire, ndinakana, ndipo ndinamuuza kuti akadandaule ku kampani ya mafoni imene amagwiritsa ntchito.

Ngakhale pa foni yeniyeniyo pali zoti muone. Mukaimba *#06# imaonetsa nambala ya IMEI ya manambala 15, imene iyenera kufanana ndi ya pa bokosi. Manambala 8 oyambirira amaperekedwa kudzera ku GSMA, bungwe la makampani a mafoni padziko lonse, ndipo amaloza mtundu wa foniyo, moti foni yabodza nthawi zambiri imaonetsa nambala ya mtundu wina. Foni yoyezedwa imakhalanso ndi chiwerengero cha SAR, chosonyeza mphamvu ya mafunde imene thupi limamwa: malire a ku United States ndi 1.6 W pa kilogalamu, a ku Ulaya ndi 2 W pa kilogalamu, ngakhale kayezedwe kake n'kosiyana. Foni yabodza palibe amene anaiyezapo zimenezi, ngakhalenso chaja yake.

Katundu watsopano atafika ndinabwerera ku Mchinji ndi madala aja, amene anakana kuti ndiwalipire, anangoti ndigule mafuta ndi nsima ya pa Kamwendo. Tinaika tizipangizo ta 868 pa matanki onse, mphamvu yake tinaisiya pa 25 mW monga inalili pochokera kufakitale, kutumiza kamodzi pa mphindi 15. Ndinkakayikira ngati mphamvu yochepa chonchi ingafike ku thanki lakutali lija, koma uthenga wake unafika pa ulendo woyamba, ndipo unapitiriza kufika ngakhale madzulo pamene khonde linadzadza ndi anthu oimba mafoni. Gateway tinaisamutsira m'nyumba ya malata, pa adaputala ya mano atatu yokhala ndi fyuzi. Tisananyamuke ndinapita kwa mlonda uja kukafunsa za wailesi. Anaiyatsa, anaitembenuza uku ndi uku pafupi ndi khoma, n'kunena kuti, "Ili bwino, amisiri. Lamulungu kuli mpira, ndiumva."